Wailesi Yatsopano ndi Mawu a Galimoto

Munthu amene adagulako galimoto yochokera ku Japan, kapena amene adaperekezako mbale wake kukailandira pa chipata cha Songwe itayenda ulendo wautali kuchokera ku doko la Dar es Salaam, akudziwa bwino chimwemwe cha tsikulo, ndiponso akudziwa kachinthu kokhumudwitsa kamene kamabisala m'kati mwa chimwemwecho. Injini ikulira mofatsa, mipando ili mbee, matayala akadali ndi mano. Koma mwini wake akatambasula dzanja kuti atsegule wailesi amve nkhani za madzulo, sikirini imamuonetsa zilembo zimene sadaphunzirepo ku sukulu iliyonse, mawu a mayi wosaoneka amamulonjera m'Chijapani, ndipo mapu akuloza misewu ya ku Nagoya pamene galimoto ili pa Karonga. Akayesa kusaka nyumba zoulutsira mawu, amangopeza imodzi kapena ziwiri, zina zonse zii.

Wailesiyo sidaonongeke ayi. Ku Japan mawu a FM amaulutsidwa pakati pa 76 ndi 90, ngakhale kuti m'zaka zapitazi adawonjezera malire kufika 95, pamene kwathu kuno ndi m'maiko ena ambiri amaulutsidwa pakati pa 87.5 ndi 108. Chotero wailesi ya ku Japan imangogwira kachidutswa kakang'ono kamene malire awiriwa akumanirana. Alipo amene amamangirira kachipangizo kotsitsa manambala pa waya wa eriyo, nakhutira ndi zimenezo. Koma ambiri amatopa ndi zilembo zosawerengeka, ndipo tsiku lina amapita ku Limbe kapena ku Malangalanga, nagula wailesi yatsopano ya sikirini yaikulu, naipereka kwa mmisiri wa magetsi a galimoto kuti aichomeke. Nyimbo zimamveka bwino lomwe, mwini galimoto amalipira mokondwa. Koma ali m'njira, foni ikalira, iye n'kudina batani la pa chiwongolero monga adazolowera, amapeza kuti batanilo lafa, ndipo mawu a woimbayo, amene kale ankatulukira m'masipika, abwerera m'thumba la malaya. Mutu uno ukufotokoza chimene chimachitika pamenepo, ndi mmene munthu angasinthire wailesi popanda kutaya mwayi woyankhula pa foni manja onse awiri ali pa chiwongolero.

Kulemera kwa nkhaniyi

Wina angafunse kuti, kodi batani limodzi n'chiyani kuti tilitayire mutu wathunthu wa buku? Yankho lake lili m'masamu amene mwana wa ku pulayimale angathe kuwerengera. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse; choncho woyendetsa amene wachotsa maso pa msewu kwa masekondi 3 okha, kupisa m'thumba ndi kuwerenga dzina la woimbayo, wayenda mamita 50 ali wakhungu, ndipo pa misewu yathu, pamene wanjinga wosenza matumba a makala, mwana wa sukulu ndi mbuzi amagawana mphepete imodzi ya phula, m'mamita 50 mungagwe maliro. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti woyendetsa galimoto akugwiritsa ntchito foni ali pa chiopsezo chochita ngozi pafupifupi kanayi kuposa mnzake amene sakutero. N'chifukwa chake maiko ambiri adaletsa kugwira foni m'manja poyendetsa, monga adachitira a ku Britain mu December 2003, ndipo nafenso kuno apolisi a pamsewu amalipitsa chindapusa munthu wopezeka foni ili kukhutu.

Komatu tisanamizane. Bungwe lomwelo limachenjezanso kuti kuyankhula manja ali pa chiwongolero sikuchotsa ngozi yonse, pakuti ngakhale maso ali pa msewu, mtima umakhala utapita kwa amene ukuyankhula naye. Ndipo mu 2015 akatswiri a pa University of Utah, motsogozedwa ndi David Strayer, adapeza kuti munthu akatha kulamula galimoto kapena foni ndi mawu, maganizo ake amatha kutenga mpaka masekondi 27 asanabwerere kwathunthu pa ntchito yoyendetsa. Zipangizo zimene tikukamba pano n'zoyenera mawu achidule, akuti ndili pa msewu, ndifika posachedwa. Milandu ya banja ndi mitengo ya fodya n'zokamba galimoto itaima.

Njira imene mawu amayenda

Tisanachotse kanthu, tiyambe tadziwa ziwalo zimene zimagwira ntchitoyi, pakuti ngakhale woyendetsa amangoona batani limodzi, m'kati muli zinthu zisanu zogwirana manja. Choyamba ndi maikolofoni, kachinthu kochepa ngati njere ya chimanga, kobisika kuseri kwa timabowo ta padenga pafupi ndi nyale, kapena pamwamba pa tsinde la chiwongolero. Chachiwiri ndi mabatani. Chachitatu ndi masipika, makamaka akutsogolo. Chachinayi ndi njira yopanda waya yolumikizira foni ndi galimoto, imene tonse timaidziwa ndi dzina lakuti Bluetooth. Ndipo chachisanu, chimene chili mwini nkhani, ndi kadera ka nzeru kamene kamalandira mawu kuchokera ku maikolofoni, kuwayeretsa, kuwatumiza ku foni, kutontholetsa nyimbo foni ikalira, ndiponso, m'magalimoto ena, kuzindikira dzina limene woyendetsa watchula ndi kuliimbira.

Bluetooth idayambira ku kampani ya Ericsson ya ku Sweden mu 1994, ndipo mu 1998 makampani asanu, Ericsson, Nokia, IBM, Intel ndi Toshiba, adapangana kuti zipangizo zawo zizimvana mwa njira imodziyi. Dzina lake adatengera kwa Harald, mfumu yakale ya ku Denmark imene idagwirizanitsa anthu a m'dzikomo. Mphamvu yake imafika mamita 10 kapena kupitirirapo pang'ono. Chofunika kuchidziwa n'chakuti m'kati mwa Bluetooth muli mapangano angapo, lililonse ndi ntchito yake: lotchedwa HFP ndilo la kuimba ndi kuyankha foni, la A2DP ndilo la nyimbo, ndipo la PBAP ndilo limalola wailesi kuwerenga mayina osungidwa m'foni. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha wailesi zina zotchipa zimene zimaimba nyimbo za m'foni mosangalatsa koma n'kumalephera kuonetsa dzina la woimba. Zalembedwa Bluetooth pa katoni, inde, koma si mapangano onse amene zidalowamo.

Kuyeretsa mawu kuja nakonso si ntchito yamasewera. Mawu a mnzanu akatuluka m'sipika, amalowanso m'maikolofoni pamodzi ndi anu, ndipo pakadapanda nzeru yowachotsa, iye akadamadzimva yekha akubwerezedwa. Opanga galimoto amathera nthawi yaitali akuyeza chipinda cha galimoto yawo, kutalika kwake kuchokera pakamwa pa woyendetsa kufika padenga, kulira kwa injini ndi kwa mphepo, kufikira ziwalo zisanu zija zitazolowerana. Wochotsa wailesi akulowerera pakati pa chimvano chimenechi.

Kodi nzeruzo zimakhala kuti?

Funso ili ndilo lalikulu koposa m'mutu wonsewu, ndipo mwini galimoto aliyense ayenera kupeza yankho lake asanatulutse ndalama m'thumba, pakuti safunsa adadya phula. Tiyerekeze ndi bwalo la milandu la kumudzi. Ilipo mfumu imene imasunga zonse m'mutu mwake, kumva yokha ndi kugamula yokha. Mfumu yotere ikachoka pampando, nzeru zonse za bwalo zimachoka nayo. Iliponso mfumu ina imene ili ndi nduna yomva milandu, iyo n'kumangopereka mpata ndi kulengeza chigamulo. Apa mfumu ikasinthidwa nduna imatsala, ndipo bwalo likhoza kupitirira monga kale, malinga ngati mfumu yatsopanoyo ikumvana chinenero ndi nduna ija, kapena papezeka womasulira pakati pawo. Wailesi ndiyo mfumu, ndipo magalimoto alipo a mitundu iwiri yomweyi.

Ambiri mwa magalimoto ang'onoang'ono amene tidazolowera, monga Vitz, Passo, Sienta, Ractis, Note, Demio ndi Fit, ali a mtundu woyamba. Wailesi zake, kaya zalembedwa Carrozzeria, Strada kapena Eclipse, kaya ndi za Toyota za manambala oyamba ndi NSZT, zimasunga Bluetooth ndi nzeru za mawu m'mimba mwake. Zikatuluka, zonse zatuluka, ndipo palibe waya kapena chipangizo chimene chingazibweze. Ine ndikuona kuti pamenepa palibe cholirira, popeza nzeru zozindikira mawu za m'wailesi zimenezi zimangomva Chijapani chokha, ndipo mwini galimoto wa ku Mchinji sadapindulepo nazo chiyambire. Chimene ayenera kuteteza ndi mabatani a pa chiwongolero ndi malo abwino a maikolofoni. Zina zonse wailesi yatsopano ibwera nazo.

Mtundu wachiwiri umapezeka kwambiri m'magalimoto a ku America ndi ku Ulaya, ndi ena obwera kudzera ku South Africa. Mu 2007 kampani ya Ford, mogwirizana ndi Microsoft, idatulutsa njira yotchedwa SYNC, imene nzeru zake zidaikidwa m'kabokosi kapadera kobisika, kosiyana ndi wailesi. Magalimoto ambiri a Honda opangidwira msika wa ku America adali ndi kabokosi kawo kotchedwa HandsFreeLink, ndipo m'ma Volkswagen ambiri a zaka za m'ma 2010, monga Golf ndi Jetta, kabokosi ka Bluetooth kamagona pansi pa mpando wakutsogolo. M'galimoto zotere maikolofoni ya padenga sipita ku wailesi konse. Imapita ku kabokosiko, ndipo wailesi imangopatsidwa mawu okonzakonza kuti iwatulutse m'masipika. Mukachotsa wailesi, kabokosi kamatsala kali moyo, foni imalumikizana nako monga mwa masiku onse, woimba amakumvani, koma inu simumva kanthu, chifukwa njira yopita ku masipika yaduka. Ambiri amaganiza kuti mmisiri waononga galimoto, chonsecho nduna ilipo, yangosowa woiyankhulira.

Kuti mudziwe mtundu wa galimoto yanu, yang'anani dzina limene limaoneka pa foni ikalumikizana ndi galimoto, werengani buku la galimotoyo ngati lilipo, ndipo koposa zonse pemphani mmisiri akuonetseni chithunzi cha kayendedwe ka mawaya a galimoto ya mtundu wanu ndi chaka chake, pakuti galimoto ziwiri za dzina limodzi zimatha kusiyana m'kati chifukwa cha chaka kapena dziko limene zidapangidwira.

Mabatani ndi zinenero zawo ziwiri

Mabatani a pa chiwongolero amayankhula m'njira ziwiri. Njira yakale, imene ili m'magalimoto ambiri a ku Japan, ndi yosavuta kuimvetsa. Kuseri kwa batani lililonse kuli kachipangizo kopinga magetsi, kotchedwa rezisita, ndipo kalikonse kamapinga mwa muyeso wakewake. Wailesi imatumiza timagetsi tochepa pa waya, ndipo poona kuchuluka kwa timene tapingidwa imadziwa batani limene ladinidwa. Mmisiri wodziwa ntchito amatenga mita yake yoyezera magetsi, nagunditsa nsonga zake ziwiri pa mapini a pulagi ya galimoto, nauza mwini wake kuti adine mabatani limodzilimodzi, iye maso ali pa manambala. Pa ma Toyota ambiri manambalawo amayenda motere: 0 pa batani loyamba, pafupifupi 330 pa lachiwiri, 1,000 pa lachitatu ndi 3,100 pa lachinayi, muyeso wake ndi wa ma ohm. Tsono taonani pamene ambiri amaphonya: mawaya onyamula mabatani ndi awiri, kuwonjezera pa wachitatu wobwerera. Wina amanyamula mabatani okweza ndi kutsitsa mawu ndi osakira nyimbo. Winayo ndiye amanyamula losinthira pakati pa wailesi ndi nyimbo, loyankhira foni, lodulira foni ndi lolamulira ndi mawu. Mmisiri wa phuma akalumikiza woyamba yekha, namva nyimbo zikukwera ndi kutsika, amatseka dashibodi nalandira malipiro, mabatani a foni ali chigonere. Wailesi zambiri za Android zili ndi mawaya awiri olembedwa KEY1 ndi KEY2 chifukwa cha chimenechi, ndipo onse awiri akalumikizidwa, pamakhala tsamba pa sikirini pamene mumaphunzitsa wailesi batani lililonse, kulidina ndi kulipatsa ntchito yake.

Njira yatsopano ndi ya mauthenga. Mu 1986 kampani ya Bosch ya ku Germany idalengeza njira yotchedwa CAN, ndipo mu 1991 Mercedes-Benz idaiika m'galimoto zake zazikulu za S-Class. Lero pafupifupi galimoto yatsopano iliyonse ili ndi njirayi. M'malo mwakuti chiwalo chilichonse chikhale ndi waya wakewake, makompyuta onse a m'galimoto amagawana mawaya awiri opotana, ndipo pa mawaya amenewa pamayenda timauthenga ta manambala: kiyi watembenuzidwa, nyale zayatsidwa, giya ili pa livesi, batani loyankhira foni ladinidwa. Sikuti magalimoto onse amatumiza mabatani awo pa njirayi, koma kumene zili chotero, mita ya mmisiri siona kanthu, ndipo wailesi yogula m'sitolo simva chinenerocho. Kawirikawiri ngakhale waya wouza wailesi kuti kiyi watembenuzidwa sapezeka pa pulagi, chifukwa nawonso udasanduka uthenga.

Apa ndipo pofunika womasulira uja, kabokosi kakang'ono kokhala pakati pa pulagi ya galimoto ndi wailesi yatsopano. Makampani odziwika pa ntchitoyi ndi PAC ndi Axxess a ku America, Connects2 ya ku Britain, ndi iDatalink ya ku Canada, imene kabokosi kake ka Maestro kamagwirizana ndi wailesi zina za Kenwood, JVC, Pioneer, Alpine ndi Sony. Timabokosi tina timangomasulira mabatani basi. Tina timachita zoposa pamenepo: timadzutsa kabokosi kakale ka mawu, timatontholetsa nyimbo foni ikalira, ndi kupititsa mawu ake ku masipika akutsogolo, kotero kuti SYNC imapitiriza kugwira ntchito pansi pa wailesi yachilendo. Pogula, tchulani zinthu zinayi: dzina la galimoto, chaka chake, mtundu wa wailesi imene idalimo, ndi mtundu wa wailesi imene ikulowa, ndipo funsani mwachindunji ngati kabokosiko kamasunga mawu a foni kapena mabatani okha, pakuti pa katoni zonse zimaoneka zofanana. Tina timayenera kulumikizidwa ku kompyuta kuti tilandire malangizo a galimoto yanu tisanamangidwe. Mtengo wake nthawi zina umayandikira wa wailesi imene, ndipo pafupipafupi pamafunika kuitanitsa kunja. Ndi bwino kuwerengera zimenezi poyambirira, osati dashibodi ili kale pansi. Wailesi zotchipa za Android zopanda dzina lodziwika zimabwera ndi womasulira wawo m'katoni, amene kawirikawiri amamva mabatani koma sadziwa kanthu za kabokosi kakale ka mawu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kukula kwa sikirini sikunena kanthu za ubwino wa mawu a pa foni.

Za maikolofoni

Mwa ziwalo zonse, maikolofoni ndiyo imanyozedwa kwambiri, chikhalirecho ndiyo imagamula ngati amene ali tsidya lina la foni akumvani kapena ayi. Wailesi zambiri zotchipa zili ndi kabowo kakang'ono pankhope pake, kumene kuli maikolofoni ya m'kati. Koma malowo ali kutali ndi pakamwa, pafupi ndi mabowo otulutsa mphepo, ndipo womvera amangomva mkokomo ndi mawu ochokera patali. Maikolofoni ya waya wautali, imene imabwera m'katoni kapena kugulidwa payokha, imaposa imeneyo kutalitali.

Ambiri amafuna kugwiritsabe ntchito maikolofoni ya padenga imene idabwera ndi galimoto, ndipo maganizowo ndi abwino, chifukwa malo ake adasankhidwa ndi anthu oyeza. Vuto n'lakuti maikolofoni zambiri za kufakitale zili ndi kachipangizo kokuzira mawu kofuna magetsi akeake, mavolti 5 kapena 8, pamene wailesi yogula imayembekezera maikolofoni wamba yodya timagetsi tochepa todzera pa waya wa mawu womwewo. Kuzilumikiza mwachisawawa kumabala chete kapena phokoso losweka. Pali mawaya apadera ogwirizanitsa ziwirizi pa magalimoto ena. Koma kumene sapezeka, njira imene ndimaiyamikira ndi iyi: mmisiri atsitse chivundikiro cha nyale ya padenga, achotse maikolofoni yakale m'kachisa kake naisunge, ndipo m'malo mwake akhazike yatsopano, italoza kumanja kumene woyendetsa amakhala, itatsamira pa kachidutswa ka siponji kuti isanjenjemere ndi denga. Kunja sikuoneka kusintha kulikonse, ndipo mawu amalowera pa timabowo tomwe tija. Waya wake utsike m'mbali mwa galasi lakutsogolo, ndipo ngati mu mzati umenewo muli thumba la mpweya loteteza pa ngozi, waya adutse kuseri kwake, asapingase kutsogolo kwake ngakhale pang'ono. Kumbukiraninso kuti mapulagi a maikolofoni sali ofanana: wailesi zambiri za Pioneer zimalandira ya mamilimita 2.5, pamene zina zambiri zimalandira ya 3.5.

Lumo lisayandikire mawaya a galimoto

Ngati pali lamulo limodzi limene mwini galimoto ayenera kuliumirira ngakhale sadziwa kanthu za magetsi, ndi ili: pulagi ya galimoto isadulidwe. Pali zingwe zolumikizira, zimene amisiri amazitcha harness, zokhala ndi pulagi yolowa ndendende mu ya galimoto mbali ina, ndi mawaya a wailesi yatsopano mbali inayo. Kulumikiza konse kuchitikire pa chingwe chimenechi, pa tebulo, ndi mtovu wosungunula kapena zopanira zake, osati kupota ndi zala n'kukulunga tepi imene imamatuka ndi kutentha kwa mwezi wa October. Pulagi ikadulidwa, mawaya a mabatani, a maikolofoni ndi a mauthenga amasokonekera m'mtolo umodzi, ndipo amene adzabwere pambuyo kudzakonza adzayamba ndi kulosera.

Ku mbali ya wailesi yatsopano mitundu ya mawaya imadziwika: wachikasu ndi wa magetsi osazima ochokera ku batire, wofiira ndi wa magetsi obwera kiyi akatembenuzidwa, wakuda ndi wopita ku chitsulo cha galimoto, ndipo oyera, otuwa, obiriwira ndi apepo ndi a masipika. Koma ku mbali ya galimoto mitunduyi ilibe tanthauzo limeneli, popeza kampani iliyonse ili ndi mitundu yake. Wachikasu ndi wofiira akasinthanitsidwa, wailesi imayaka bwinobwino, koma imatha kuiwala zimene idaphunzitsidwa nthawi iliyonse injini ikazimitsidwa. Ndipo pa galimoto penipenipo, pulagi kapena chikopa chachikasu chowala ndi chizindikiro cha mawaya a matumba a mpweya aja. Amenewa sayesedwa ndi nyale yoyesera magetsi, sakhudzidwa n'komwe. Ntchito isanayambe, achotse waya wa batire wa mbali ya chizindikiro chochotsera, nadikire. Mabuku a Toyota amalamula masekondi 90. Chenjezo limodzi pamenepa: wailesi zina za ku Japan, zikasowa magetsi, sizidzukanso popanda kakhadi kake ka mapu kapena nambala yachinsinsi, choncho amene akufuna kudzaigulitsa kapena kuibwezera aone kaye ngati kakhadiko kalimo.

Mawaya a mabatani, a hutala ndi a thumba la mpweya la pa chiwongolero amadzera onse m'kalamba kopyapyala kozengezeka kuseri kwa chiwongolero, kamene kamalola kuti chizungulire mawaya osaduka. Mukaona kuti mabatani afa pamodzi ndi hutala, musaimbe mlandu wailesi. Kawirikawiri kalambako ndiko kamakhala kataduka.

Zina n'zongotchula mwachidule. Bowo la wailesi lili ndi muyeso wodziwika wa mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 kapena 100 m'litali, koma ma Toyota ambiri ali ndi la 200, lofuna timapulasitiki totsekera m'mbali. Kamera ya kumbuyo ya ma Toyota ambiri imadya mavolti 6, ndipo ikapatsidwa 12 imatha kupsa. Galimoto zokhala ndi ampulifaya yapadera zimafuna womasulira wodziwa kuidzutsa, ndipo ma BMW, Mercedes-Benz, Audi ndi Land Rover ena amayendetsa mawu pa ulusi wa kuwala m'malo mwa waya. Zoterezi zipite kwa katswiri amene adazigwirapo.

Kusunga akale kapena kulandira atsopano

Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kuyambira 2014, pamene Apple idatulutsa CarPlay, ndi 2015, pamene Android Auto ya Google idafika m'magalimoto, nzeru zozindikira mawu zidasamuka kuchoka m'galimoto kupita m'foni, ndipo wailesi idangokhala zenera ndi khomo lake. Nzeru za m'foni zimakonzedwa chaka ndi chaka, pamene za m'kabokosi ka 2010 zidaima pomwe zidalili. Chifukwa cha ichi, ngakhale kumene kusunga kabokosi kakale kuli kotheka, munthu ayese bwino ngati kuli kopindulitsa. Nthawi zambiri kumakwanira kupatsa batani lakale lolamulira ndi mawu ntchito yatsopano yodzutsa Siri kapena wothandiza wa Google.

Komabe tizinena zoona zake za kwathu. Othandiza amenewa samva Chichewa. Munthu amayenera kuwalamula m'Chingerezi, ndipo mayina athu amawapotoza, kotero kuti amene mumawaimbira kawirikawiri ndi bwino kuwasunga m'foni ndi mayina afupi osavuta kutchula. Zambiri zimene amachita zimafunanso intaneti, imene imathawa m'mapiri ndi m'zigwa za misewu yathu. Batani loyankhira ndi lodulira foni, pamodzi ndi maikolofoni yoikidwa bwino, sizifuna intaneti kapena Chingerezi, ndipo m'kuona kwanga zimenezi ndizo mtima wa nkhani yonse. Kulamula ndi mawu n'kongowonjezera.

Chimene simuyenera kuchita ndi kusiya Bluetooth ziwiri zikulimbirana foni imodzi, ya kabokosi kakale ndi ya wailesi yatsopano, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Foni imalumikizana ndi iyi lero, mawa ndi iyo, ndipo mawu amatulukira kumene simukuyembekezera. Sankhani imodzi ya kuimbira foni. Mafoni a Android amalola kuuza chipangizo chilichonse ngati chili cha mafoni kapena cha nyimbo. Ndipo ngati kabokosi kakale mwakasiya, fufutani dzina lake m'foni.

Kuyesa ntchito dashibodi isanatsekedwe

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wailesi ikadali lende pa mawaya ake, zomangira zisanabwerere, dinani batani lililonse, makamaka a foni. Zimitsani galimoto, chotsani kiyi, dikirani pang'ono, ilizeninso, muone ngati wailesi ikukumbukira zonse ndiponso ngati foni ikulumikizana yokha. Kenaka imbirani munthu woleza mtima, injini ikulira, mumufunse mafunso atatu: kodi akukumvani bwino, kodi akudzimva yekha akubwerezedwa, ndipo kodi pali kulira kopyapyala kumene kumakwera mukaponda mafuta. Kubwerezedwa kwa mawu kumachepa mukatsitsa mphamvu ya maikolofoni pa wailesi kapena kuitalikitsa ndi sipika. Kulira kotsata injini kumaloza waya wakuda womangidwa pa chitsulo cha penti kapena cha dzimbiri, kapena waya wa maikolofoni woyenda limodzi ndi mawaya a magetsi. Zikatheka apa, bwerezani kuyesako pa msewu, wina akuyendetsa, fani ikupemerera, zenera lili lotsegula pang'ono, chifukwa maikolofoni imene imamveka bwino m'galaja imatha kumira m'phokoso la matayala.

Chotsiriza ndi batire. Womasulira wolakwika, kapena kabokosi kakale kamene kasiyidwa kakufunafuna wailesi imene idachoka, zimatha kuletsa makompyuta a galimoto kugona, ndipo magetsi amatha pang'onopang'ono usiku wonse. Mmisiri ayeze ndi mita yake magetsi otuluka m'batire galimoto itazimitsidwa, zitseko zitatsekedwa, patapita mphindi zingapo kuti zonse zigone. Pa magalimoto ambiri muyesowo suyenera kupitirira mamiliampu 50. Ukapitirira kwambiri, azule pulagi ya womasulira, kenaka ya kabokosi kakale, chimodzichimodzi, kufikira nambala itatsika, ndipo chimene chatsitsa nambalayo ndicho chikonzedwe kapena kusinthidwa galimoto isanatuluke pa galaja.